Mawu a Mayi a Bushra

A Useni anali dalaivala wa bungwe lathu, ndipo sindinaonepo munthu woyendetsa galimoto mwaulemu ngati iwowo. Nkhuku ikaima pakati pa msewu wa ku Mwadzama, iwo ankaima kuidikira kuti iganize bwino kumene ikupita. Ine ndine munthu wachangu, moti zinkandipsetsa mtima, ndipo ndinkawauza kuti tsiku lina ngolo idzatipitirira. Ankangomwetulira n'kukonza kofiya yawo.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zija dziko litangolowa m'zipani zambiri, pamene mabungwe ankabwera mwaunyinji ku Nkhotakota, lililonse ndi galimoto yake ndi chikwangwani chake. Lathu linali laling'ono, lophunzitsa anthu zaukhondo. Ine, Talandira, ndinali wotayipa. Bwana wathu anali a Raston, mkulu wofatsa wochokera cha ku Dwangwa, amene ankathokoza ndi "yewo" akaiwala kuti ali pa Boma.

A Useni anabadwira kufupi ndi doko, bambo awo ali mmisiri wa maboti. Iwo nkhwangwa sanaikonde, anakonda injini. Anakulira m'malole onyamula mpunga, ndipo nthawi ya kampeni ankanyamula zimkuzamawu za chipani chilichonse chimene chabwereka galimoto tsiku limenelo. Ankati makutu awo anakhuta malonjezo mpaka kudzimbidwa. Koma n'kumene anaphunzirira kulumikiza mawaya, ndiye bungwe litafuna dalaivala wodziwanso kuimika chimkuzamawu padenga la pikiapu, panalibe wolimbana nawo.

Vuto linali mawu oti azituluka m'chimkuzamawucho. Anayesa anga, n'kupeza kuti ndimayankhula ngati ndikukalipira mwana, zomwe sindikana. Anayesa a Raston, anthu a ku Mwadzama n'kumaseka kayankhulidwe m'malo momva uthenga. Pamenepo a Useni, maso ali pansi, anati, "Kunyumba kuli munthu."

Munthuyo anali mkazi wawo, Mwanahalima, amene ankagulitsa mandasi pa depoti. Sankakuwa, koma akati mandasi afika, wakuseri kwa msika ankamva. Anabwera ku ofesi atabereka mwana wawo wakhanda, Bushra. Mlendo wina wodziwa zojambula mawu anawatsekera m'chipinda chosungiramo katundu, atakhoma masaka m'makoma, n'kujambulira zonse m'kompyuta. Kenako anadulamo zosafunika, kutisiyira mauthenga oyera bwino. Wotchuka unali wa kolera: "Amayi ndi abambo, kolera yafika. Wiritsani madzi akumwa. Sambani m'manja mukachoka kuchimbudzi." Ndipo pomaliza anawonjezera zake, zomwe palibe anamulembera: "Musadzati sindinakuuzeni." Ana kuyambira ku Dwambazi mpaka kuno ankathamangira galimoto akubwereza mawu amenewo.

Dzinja lotsatira Mwanahalima anadwala malungo aakulu. Sanagonere nthawi yaitali. Anamwalira Bushra atangoyamba kuyenda.

Itatha sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirireni, achibale anagawana zovala zake monga mwa mwambo, ndipo a Useni anatsala ndi chitenje chimodzi chokha chimene malemuyo anaiwala m'galimoto. Achibale ena anati mawu aja asiye kumveka, chifukwa amayi anzake a pa depoti ankalira galimoto ikadutsa. A Raston nawo anati atha kupeza munthu wina wojambula. A Useni anapita kwa shehe wa mzikiti wawo, ndipo atabwerako anati, "Ashehe akuti mawu opulumutsa anthu ndi sadaka yosatha. Musiyeni azigwirabe ntchito yake." Kuyambira pamenepo ankayenda m'midzi monse mkazi wawo akuyankhula pamwamba pa mutu wawo, iwo ali phee pa chiwongolero. Zinkandimvetsa chisoni, koma ndisaname, ndinkawasiriranso.

M'galimoto mawuwo ankamvekera pa kaseti, koma makaseti sachedwa kutha kuno. Dzuwa limawapinda, fumbi limawadya, wailesi ya m'galimoto n'kuwatafuna. Kaseti ikayamba kukoka mawu, a Useni ankaima pakhomo panga n'kunena, "Achemwali, yatopa." Ine ndinkapita pa kompyuta n'kuwajambulira ina yatsopano, mawu n'kubwerera mwakale.

Bushra ankaleredwa ndi azakhali ake, koma masana ambiri ankabwera ku ofesi kudikira bambo ake. Ukamufunsa kuti amayi ako ndani, ankaloza padenga la galimoto. Akakana kusamba m'manja, azakhali ake ankangoti, "Amayi ako amati chiyani?" mwana n'kuthamangira kubeseni. Mayi ake ankawadziwa ngati munthu wa malamulo, wonena za madzi ndi zimbudzi basi. Tsiku lina anandifunsa ngati amayi ake anali okalipa ngati ineyo.

Pakona ya ofesi panali kompyuta yaikulu imene tinkaitcha seva. Makompyuta athu ang'onoang'ono ankasunga zonse mmenemo: malipoti, ziwerengero za zitsime, ndi mawu a Mwanahalima. Anatiikira ndi Flossie, mtsikana wa ku Lilongwe wodziwa za makompyuta, woonda, wosachedwa kuseka. Anandiphunzitsa kukopera zonse za mu seva pa matepi ang'onoang'ono mwezi ukatha, ndipo anatilangiza kuti matepiwo asamagone nyumba imodzi ndi seva, kuopa moto ndi akuba.

A Useni anali pomwepo, akumvetsera.

"Mmenemu mulinso mawu a mayi a Bushra?" anafunsa.

"Alimo, bambo," anatero Flossie.

"Ndiye ndizisunga ine."

Palibe anakana. Kunalibe munthu wosamala kuposa iwo. Tepi iliyonse ankailandira ndi manja awiri, ndipo sitinawafunsepo kumene ankakaika.

Chaka china, mu Okutobala, kutentha kutafika poti nsapato zinkamata phula, seva inayamba kulira mwachilendo. Inkati kete, kete, n'kukhala chete, kenako kete. Nthawi zina inkangouma pakati pa ntchito. Ndinaimbira Flossie, ndipo atamva kulirako pa foni anati tiizimitse, tisaigwirenso mpaka afike. Anati hadi disiki, kachipangizo kam'kati kosungira zonse, ikufa.

Anafika Lachinayi m'mawa ali mbuu ndi fumbi la matola, disiki yatsopano ataikulunga m'juzi yake. Sanathamangire kumasula. Anati iye sachotsa chakale asanaone ndi maso kuti zimene tinakopera zikubwerera. Ayamba waika disiki yatsopanoyo m'kompyuta ina, abwezeretsemo za pa matepi, ndipo zikatseguka bwino ndiye achotse yakaleyo.

A Useni anagwedeza mutu mokondwa. "Bambo anga ankateronso," anatero. "Sankataya thabwa lakale la boti asanaseme latsopano n'kuliyeza pomwepo."

"Ndiye tamvana," anatero Flossie. "Tabweretsani matepi aja."

Ndinkaganiza kuti apita kunyumba. Koma anangotuluka panja, n'kukwera kumbuyo kwa pikiapu. Tinawaona pawindo akumasula chivundikiro chakumbuyo cha bokosi lathabwa la chimkuzamawu. Analowetsa mkono mkati n'kutulutsa kamtolo kokulungidwa m'chitenje chija. Analowa nako akuyenda mwachifatse, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Kunyumba kuli chinyontho cha kunyanja," anafotokoza akumasula mfundo. "Nkhungu inadya zithunzi zanga zonse. Kulinso chiswe ndi makoswe. Koma m'bokosi muja ndi mouma, motsekeka, ndipo wakuba sangaganizeko. Ndimawamangirira kumbuyo kwenikweni kwa chitsulo cha chimkuzamawu kuti asagwedezeke." Anaima pang'ono, n'kuwonjezera motsitsa mawu, "Komanso ndinati mawuwo akhale pafupi ndi potulukira pake."

Flossie sanaseke ulendo umenewo. Anatenga tepi yoyamba n'kuilowetsa m'makina. Tinadikira. Anaitulutsa, n'kulowetsa yachiwiri. Anayesa onse, imodziimodzi, ngakhale ndikukhulupirira kuti yankho ankalidziwa kale. Atamaliza anatenga kamsomali pa tebulo n'kupempha a Useni kuti apite naye panja. Ine ndinawatsatira. Anayandikiza msomaliwo kumbuyo kwa chimkuzamawu, ndipo unachoka m'zala zake n'kukamatirira pachitsulo.

"Awa ndi maginito, bambo," anatero mofatsa. "Ndi amene amachititsa kuti chimkuzamawu chiyankhule. Koma tepi ikagona pafupi nawo nthawi yaitali, amaifufuta. Ineyo ndinayenera kukuuzani tsiku lija."

A Useni anayang'ana msomaliwo kwa nthawi.

"Onse?"

"Onse."

"Ndiye ndamufufuta ndine," anatero.

Sanalire. Anangokhala pansi pa chitseko chakumbuyo cha pikiapu, chitenje chili m'manja. Ndinawakumbutsa za kaseti ya m'galimoto, koma tonse tinkadziwa kuti inali itatopa kale. Mlungu umenewo Mwanahalima ankamveka ngati akuyankhulira pansi pa madzi, ndipo a Useni ankangodikira kuti seva ichire kuti adzatenge ina. Mawu ake enieni anatsala malo amodzi okha padziko lonse, m'kadisiki kakufa kaja.

Tinabwerera mkati, ndipo Flossie anatiuza zoona zake mosabisa. Anati akayatsa seva, disiki yakale itha kulola kukoperedwa kamodzi, koma ikamatentha ndi pamene imafooka, ndipo sangalonjeze kuti ifika kumapeto. Chimene tiyambe nacho ndicho chili ndi mwayi. Mawu ndi olemera, amatenga nthawi. Malipoti nawo anali ambiri, a zaka zonse, ndipo otithandiza ochokera kunja ankayembekezeka kubwera mvula isanagwe kudzaona ntchito yathu.

"Tiyambe ndi ziti?" anafunsa, akuyang'ana a Raston.

A Raston anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Amene anayankhula ndi a Useni, ataima pakhomo.

"Yambani za ofesi, bwana. Ndi zimene zimatidyetsa tonse. Cholakwa ndi changa."

Apa mtima wanga uja unandithandiza kamodzi m'moyo. Ndinati, "A Useni, takhalani chete. Mapepala onse a zitsime ali m'kabati umu, kuyambira a ku Nkhunga mpaka a ku Mwadzama. Ndinawatayipa ndi zala izi, ndipo ndidzawatayipanso, ngakhale ndidzadandaule mpaka mudzatope nane. Nanga Mwanahalima adzamutayipenso ndani?"

A Raston anavalanso magalasi awo. "Yambani ndi mama," anatero.

Flossie anapempha kuti tiyatse jenereta, kuopa kuti magetsi angathime pakati pa ntchito. Anachotsa chivundikiro cha seva kuti mphepo izilowa, n'kulumikiza disiki ya m'kompyuta ina yoti ilandire zokoperazo. Fani ya mu ofesi inali itafa kalekale. Atangoyatsa, kulira kuja kunayambiranso, kete, kete. A Useni anang'amba chidutswa cha katoni, anagwada pafupi ndi seva, n'kuyamba kuikupiza.

"Zithandiza?" ndinamunong'oneza Flossie.

"Sizingawononge," anatero. "Asiyeni."

Ndinali nditawaonapo akukupiza chonchi, m'chipatala, pambali pa bedi la Mwanahalima, ndi katoni ya sopo ngati yomweyi. Ndinayang'ana kumbali chifukwa misozi inali pafupi, ndipo ine sindikonda kulira pagulu.

Pa kompyuta panali kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera. Kankayenda ngati a Useni pa msewu. Nthawi zina kankaima, disiki n'kulira, tonse n'kugwira mpweya, kenako n'kusunthanso. Flossie anati wasankha kukopera zonse za m'malo a mawu, ngakhale fayilo ina yaikulu imene sanaidziwe, chifukwa panalibe nthawi yosankhula. Thukuta linanyowetsa malaya a Useni mpaka kumsana. Akatopa mkono uno ankasinthira winawo.

Dzuwa lili paliwombo, kumzikiti anaitanira swala. A Useni anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawuwo, koma dzanja silinaleke. Ndinawaona akuvutika. Flossie anagwada pambali pawo n'kutambasula dzanja.

"Pitani mukaswali, bambo. Ndimugwirizira."

Anamupatsa katoniyo, n'kukayala mkeka pakhonde. Flossie atatopa ndinalandira ine, ndipo pambuyo panga a Raston anagwada ndi buluku lawo losita bwino. A Useni pobwerera anapeza bwana akukupiza, ndipo anaima kaye pakhomo.

Mawu onse anawoloka. Flossie anayamba malipoti, ndipo ochepa anadutsa. Kenako disiki inalira mosiyana, kulira kotalika kokwekwereza, n'kukhala chete. Flossie anayesa kuidzutsa kangapo, koma inakana. A Useni anapitirizabe kukupiza mpaka Flossie anawagwira paphewa.

"Yapita, bambo. Pumulani."

"Nanga iye?"

"Ndikuganiza kuti tamupulumutsa. Koma sindinena tisanamumve."

Anamasula disiki yakale, n'kumangirira yatsopano mu seva. Anaikonza, n'kubwezeretsamo zimene tinakopera. Zinatenga nthawi, ndipo ntchito ili mkati, Bushra anafika ndi azakhali ake, amene anamusiya pakhomo monga mwa masiku onse. Anali ndi zaka zoti chaka chamawa ayambe sukulu. Anakakhala pamwendo pa bambo ake, akudabwa kuti akuluakulu onse atuluka thukuta chonchi chifukwa chiyani.

Flossie anatsegula fayilo yoyamba. "Amayi ndi abambo, kolera yafika." Mawu anatuluka oyera, athunthu, ngati mwini wake waima kuseri kwa kabati. A Useni anatseka maso n'kunena motsitsa, "Alihamdulillahi." Bushra anamalizira pamodzi ndi mayi ake, "Musadzati sindinakuuzeni," chala chili m'mwamba, nkhope ataikwinya.

Flossie anayesa mauthenga onse, wa likodzo, wa zimbudzi, wa katemera. Pomaliza anati, "Yatsala yaikulu ija. Tione ngati nayo ili moyo."

Poyamba kunamveka phokoso la mpando. Kenako mawu a mlendo uja akuti yambani. Ndinazindikira kuti ndi zojambula zonse za tsiku lija zisanadulidwe, zomwe tonse tinkayesa kuti zinatayidwa.

"Amayi ndi abambo, kolera ya..." Mwanahalima analekeza, n'kuphulika kuseka. Kunali kuseka kwake kwa pa depoti kuja, kochokera m'mimba, kotha ndi kachifuwa. "Bambo a Bushra, tatulukani. Mukandiyang'ana choncho sindingathe."

"Ine sindikunena kanthu," anayankha mawu a Useni, chapatali.

"Ndi nkhope yanuyo. Mukuoneka ngati mukuyembekeza chigamulo. Tulukani."

Chitseko chinalira. Mwanahalima anayambiranso, koma asanafike patali, khanda linayamba kulira kufupi ndi maikolofoni.

"Pepani, achimwene, dikirani kaye. Abwana adzuka." Kunamveka kukhwekhwereza kwa nsalu, ndipo mawu ake anatsika, n'kufewa. "Bushra. Bushra wanga. Wadzuka, mayi? Bwera kuno. Taona, amayi ako akugwira ntchito ya ofesi lero. Ukadzakula udzandimva, udzati amayi anga anali pa wailesi." Anayamba kung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, kulira kwa khanda n'kumazirala.

Palibe anasuntha mu ofesimo. A Raston anavulanso magalasi. A Useni anali ataphimba kukamwa ndi chitenje chija, mapewa akugwedezeka. Ine ndinalira pagulu tsiku limenelo, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Malipoti ndinawatayipadi mpaka mvula inagwa, ndikudandaula monga ndinalonjezera, ndipo a Useni ankandisiyira mandasi pa tebulo. Matepi atsopano ankagona kwa a Raston m'kabati yathabwa, ndipo Flossie akabwera ankayesa imodzi pamaso pathu. A Useni anapempha disiki yakale ija n'kuikulunga m'chitenje. Anapemphanso kaseti ya zojambula zosadulidwazo, koma imeneyo sinakwerepo padenga la galimoto.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi Bushra masana amenewo. Anatsika pamwendo pa bambo ake n'kuyandikira kompyuta, akusuzumira kuseri kwake. Kenako anatembenuka.

"Ababa, amayi ankasekanso?"

A Useni anangogwedeza mutu movomera.

Mwanayo anaganiza kaye. Kenako anagwira Flossie pamkono n'kunena, "Anti, bwezani pamene akundiitana paja."